Nyimbo ya pa Maliro a Mphwanga

Mphwanga Dalitso atamwalira, ndinabwereka kiyibodi ya kwaya ndi batire n'kupita nazo kwathu kwa Nsamala. Anthu akudikira bokosi, ndinatenga nyimbo ya rapu imene iye ankaikonda, yotamanda mowa ndi atsikana, n'kuiliza pang'onopang'ono popanda mawu. Azimayi analira kwambiri.

Titachoka kumanda, amayi anandigwira dzanja. "Ija ndi nyimbo yanji, mwananga?"

"Ndi ya Chilatini, amayi, ya ansembe akale. Mawu ake sindiwadziwa."

Sanafunsenso. Mpaka pano amaiimba mong'ung'udza akamasesa m'tchalitchi, akuti imawakhazika mtima pansi za kumene mwana wawo anapita. Ine ndikawamva ndimangozyolika, mawu onse otukwanawo akuyenda m'mutu mwanga.