Zimene Ndinkadziwa Zinali za Mbewa

Atanditumiza ku Mzuzu kukaphunzitsa bayoloje, ndinkakhala ndekha ku Chibanja. Wondichezera anali mmodzi yekha, NyaMhango wa nyumba yoyandikana ndi yanga.

Loweruka lina tikuyanika zovala, anandiuza motsitsa mawu kuti, "Amadamu, mimba ija yachokanso. Aka n'kachitatu."

Ndikanangomugwira dzanja. Koma ine, chifukwa chosowa wolankhula naye, ndinatsegula kalasi pachingwe pomwepo. Ndinamufotokozera kuti masiku oyambirira, mluza usanakhazikike m'chiberekero, umayandama m'timadzi ta m'njira ya mazira, ndipo umadalira ma amino asidi, tizigawo timene timapanga mapuloteni, kuti ukule bwino. Mpaka ndinajambula pansi ndi kamtengo.

"Ndiye kuti ine ndimadya molakwika?" anafunsa.

Zonse zimene ndinkadziwazo zinali za miluza ya mbewa ndi ng'ombe yolereredwa mu labu. Za mimba yake sindinkadziwapo kanthu. Koma kuvomera zimenezo kukanawononga phunziro langa lokomalo, ndiye ndinangoti, "Mwina."

"Yewo chomene," anandithokoza m'Chitumbuka, n'kunyamula beseni lake, zovala zina zikadali momwemo.

Patapita masiku ndinamva apongozi ake akumukalipira kuseri kwa mpanda, m'Chitumbuka chimene ndinachimva bwinobwino: ngakhale aphunzitsi anena kuti vuto ndi iwe. Sindinatuluke kukatsutsa. Ndinangokweza wailesi.

NyaMhango anasamukira ku Masasa ndisanamupepese. Mpaka lero ndikamuona mumsika, ndimakhotera ku kaunjika n'kumatembenuza majuzi a ana, ngakhale ndilibe mwana womuveka.