Masokosi a Apulofesa

Asisitala anagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanabwerere m'kalasi kukasaka digiri. Ku koleji aliyense ankawatchula choncho, ngakhale aphunzitsi ena amene, kuyang'ana msinkhu, n'kutheka kuti anawabaya katemera ali makanda. Sikuti sukulu ankaikonda. Mpando wa metroni, mkulu wa anamwino onse pachipatala pawo, unali pafupi kutseguka, ndipo mpandowo sunkafunsa kuti wabereketsa amayi angati. Unkafuna pepala, ndipo pepalalo linkayenera kuoneka chaka chomwecho.

M'mawa uliwonse kagalimoto kawo kotuwa kankaima pamphambano kunyamula anthu awiri. Kutsogolo kunkakhala Loya, mwana wa mchemwali wawo, mtsikana wa chaka choyamba cha malamulo amene anali atayamba kale kupereka moni ngati ali m'khoti. Kumbuyo kunkakhala Pensulo, wojambula makatuni m'nyuzipepala ya ophunzira, munthu wa miyendo ngati nsungwi, maondo ake obaya msana wa woyendetsa pabampu iliyonse. Loya ndi amene anamubweretsa, ati tsiku limodzi lokha chifukwa cha mvula. Mvulayo inakata kalekale, iye osatsika. Lamulo la m'galimotomo linali limodzi: zokambidwa muno zithere muno.

Chotsala kuti Asisitala amalize chinali siginecha ya Apulofesa pa buku lawo la kafukufuku, tsiku lomaliza Lachisanu. Zimenezi sizinkawadetsa nkhawa. Koleji yonse inkadziwa kagwiridwe ka ntchito ka Apulofesa. Buku ankalisunga miyezi isanu, sabata yomaliza n'kulinyamula m'dzanja ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku, n'kunena kuti, "Mwalimbikira," basi n'kusaina. Palibe ankadandaula. Munthu wamkulu akagona mu ofesi, ife timati akuganiza, ndipo timadutsa pakhomo pake monyang'ama.

Lolemba Asisitala anagogoda katatu, zii. Atakankha chitseko anapeza mkuluyo ali chagada pampando, kukamwa yasa, nsapato zili pansi, mapazi ali pa tebulo. Sokosi ina yobiriwira, ina yakuda, ndipo chala chachikulu chitasuzumira pachibowo ngati fulu. Pansi pa zidendene panali buku lachikuto cha buluu. Lawo. Anzawo anayi anali atasainiridwa kale, lawo lokha linatsalira chifukwa linali litapatsidwa ntchito ina. Anatseka chitseko pang'onopang'ono monga amachitira ndi wodwala amene wangopeza kumene tulo, n'kudziuza kuti adzabweranso.

Cholakwa chawo chinali kuifotokoza nkhaniyi popita kunyumba. Anaifotokoza bwinonso, mpaka Loya kulira misozi. Kumbuyo kunali chete, ndipo akanayenera kudziwa kuti Pensulo akakhala chete ndiye kuti dzanja lake likuyenda.

Nyuzipepala inkatuluka Lachitatu, masamba anayi omangidwa ndi sitepula, mulu pa masitepe a laibulale. Nthawi zambiri anthu ankaitenga kuti akhalire pa udzu. Tsiku limenelo pofika teni koloko inali itatha. Asisitala anaiona m'manja mwa mlonda wa pageti, amene ankaseka yekha atagwira m'mimba. Zonse zinalimo m'katuni ya Pensulo: kukamwa, masokosi, chala chitavekedwa kachipewa ka omaliza maphunziro. Ndipo pa buku la pansi pa zidendene, m'malemba aang'ono koma owerengeka bwino lomwe: Kasambidwe ka M'manja Pakati pa Anamwino a M'wodi ya Ana.

Asisitala anapeza Pensulo poimika magalimoto atatsamira kagalimoto kawo ngati ndi kake.

"Iwe, tabwera. Ichi n'chiyani?"

"Mwaiona, Asisitala? Anthu akuti chiyambire sindinajambulepo yotere."

"Mutu wa kafukufuku wanga ukutani pansi pa phazi la munthu?"

"Katuni imakoma ndi tinthu ting'onoting'ono toona. Komatu dzina lanu sindinalembe."

"Zikomo kwambiri, bambo. M'koleji muno tilimo angati amene tikulemba za anamwino osamba m'manja?"

Pensulo anayang'ana kumwamba ngati akuwerengadi.

"Mwalamulo, anti," anatero Loya, "munthu akanena zoona palibe mlandu, chifukwa..."

"Iwe, chaka chachiwiri sunachione n'komwe. Tseka pakamwapo."

Lachinayi m'mawa sekilitale anawaimbira kuti Apulofesa akuwafuna. Njira yonse ya m'khonde Asisitala ankayeserera chipepeso: sindine ndinajambula, bwana, ana a masiku ano, bwana, ndine mayi wa ana atatu. Anapeza chitseko chili chotsegula mpaka kukhoma. Apulofesa anali tsonga, tayi pakhosi, nsapato zopolishidwa zomangidwa zingwe zolimba. Ophunzira ankadutsa pakhomo awiriawiri, maso onse pansi pa tebulo.

Za katuni sanatchule ngakhale liwu limodzi.

"Khalani, mayi. Ntchito yanu ndaiwerenga."

"Mwaiwerenga, bwana?"

"Yonse. Kawiri."

Bukulo linali litafufuma ndi timapepala tosomeka m'kati. Atalitsegula, inki yofiira inali paliponse ngati tebulo la opareshoni kuthiyeta.

"Tsamba makumi atatu. Mwafunsa anamwino makumi anayi, koma apa ayankha makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Enawa ndi mizimu?"

"Mwina potayipa, bwana."

"Zimenezo n'zazing'ono. Vuto ndi ili. Inu ndinu mkulu wawo pawodi. Mwawapatsa pepala m'manja n'kuwafunsa kuti, kodi mumasamba m'manja musanagwire mwana? Mumayembekezera kuti wina alemba kuti ayi?"

Asisitala anayang'ana tsambalo. Chowawa kwambiri chinali chakuti mkuluyo ankanena zoona. Iwo eni ankawadziwa ndi mayina anamwino amene amangonyowetsa nsonga za zala n'kupukutira ku yunifolomu, ndipo onsewo m'bukumo anali atayankha kuti nthawi zonse, ndi sopo. Ndani akanaganiza kuti m'mutu wogonawo munali nzeru zotere? Zinali kuti miyezi isanu yonseyi?

"Mubwerere kuwodi, mukaime penapake, mukaone ndi maso. Miyezi itatu ikwana."

"Tsiku lomaliza ndi mawa, bwana."

"Ndikudziwa. Koma chinthu chimene ndawerenga sindingachisaine chili chonchi. Mukanabwera msanga tikanakonza."

Asisitala anali atabwera kasanu ndi kawiri. Ananyamula buku lawo ndi manja awiri, mpaka kuthokoza anathokoza. Pakhomo Apulofesa anawonjeza kuti, "Mutu wake ndi wabwino, mayi. Anthu ambiri auona."

Madzulo m'galimoto munalibe wokhosomola. Loya anali atakumbatira chikwama chake, maso kutsogolo. Maondo a Pensulo, koyamba chikwerereni, sanakhudze mpando. Asisitala ankayendetsa atagwira chiwongolero ngati khosi la munthu. Digiri chaka chamawa. Mpando wa metroni sudikira munthu chaka chathunthu, ndipo ankafunika kukawauza bambo a kunyumba, amene anali atauza kale abale onse tsiku la mwambo wa zipewa.

Atadutsa maloboti achiwiri, Pensulo anayeretsa kukhosi.

"Asisitala, pepani. Kunena zoona sindinaganize kuti angadzuke."

Asisitala anangosintha giya, Pensulo n'kupitiriza.

"Komanso mukaiona mbali ina, katuni yagwira ntchito. Munthu wayamba kuwerenga."

"Pensulo," anatero Loya chapansipansi.

"Ayi, ndikungonena." Kenaka mawu ake anawala ngati wakumbukira chinthu chabwino. "Ndiye kuti chaka chamawa galimoto ilipobe eti?"

Asisitala anayang'ana Loya. Mtsikanayo anali ataluma mlomo, ndipo nkhope yake inkaonetseratu kuti iyenso anali ataziganiza kale zimenezo, mwina asanatuluke n'komwe pageti.

Anayatsa indiketa bwinobwino, nayang'ana pagalasi, naima m'mbali mwa msewu pafupi ndi malo ogulitsira matayala.

"Tsikani."

"Anti, inenso? Ine sindinanene kanthu."

"Ukandisumire."

Anawasiya ataima pafumbi, wamtali ndi wamfupi, zikwama m'manja. Pamphambano sanakhotere kunyumba. Analunjika kuchipatala, poti ngati ndi miyezi itatu, bola iyambe lero. Analowera khomo lakumbuyo osavala yunifolomu, napeza kangodya pakati pa kabati ya mankhwala ndi zenera, pamene mpopi wa m'wodi ya ana umaonekera bwino. Anatulutsa kope ndi cholembera, nalemba tsiku ndi nthawi.

Sipanathe mphindi. Namwino wina anatembenuka, nawaona, nagunyuza mnzake ndi chigongono. Wodi yonse inasiya zimene inkachita n'kukandanda pampopi, anamwino anayi, wokolopa, ndi mayi wina wodikirira mwana wake amene anangoona kuti anthu akusamba. Ankapaka sopo mpaka m'zigongono, aliyense akumwetulira chakungodyako.

"Mwaswera bwanji, Asisitala?"

Asisitala anatseka kope.