Ndinazimitsa Kakompyuta Pochoka ku Lirangwe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga a ku sukulu ya kwacha kumene ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi imvi.

Chizindikiro choyamba chinali mkodzo. Chakumapeto kwa dzinja ndinayamba kupita kuchimbudzi kawirikawiri, koma kunkangotuluka timadontho. Ndinati ndi ukalamba. Pofika nthawi yokolola, mkodzo unayamba kutuluka ndi magazi. Kuchipatala cha kwathu anandiika paipi, nanditumiza kutauni, kumene tinkafika m'mamawa n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala anati kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo katupa. Miyezi inapita ndikudikira. Kenaka mwana wanga Yohane, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza tikiti kuti ndikaonedwe kumeneko.

Yohaneyo, atabwera kumaliro a mayi ake, anasonkhanitsa zithunzi ndi mavidiyo onse a banja n'kuziika m'kakompyuta kakang'ono pamwamba pa kabati, m'nyumba mwanga ku Lirangwe. Anakalumikiza ku kabokosi ka intaneti kuti ali ku Joni azitsegula pafoni n'kuona mayi ake. Anandiuza kuti kazikhala koyaka nthawi zonse. Ineyo mavidiyowo sindinkawaonera.

Tsiku lopita kukakwera ndege ku Chileka kunali mitambo ya mvula yoyamba. Ndinachita zimene aliyense wa kwathu amachita akamachoka pakhomo nyengo imeneyo: ndinazula zingwe zonse pakhoma kuopa mphezi. Makiyi ndinasiyira Che Saidi, mnansi wanga wa golosale.

Ku Joni anandigoneka m'chipatala. Anatenga magazi, anandiunika, anadulako kanyama kukayeza. M'mawa uliwonse namwino ankabwera kudzayeza kuthamanga kwa magazi ndi kusintha thumba la mkodzo. Zotsatira zitabwera, adokotala anati ndi khansa, koma isanafalikire. Anati akachita opaleshoni msanga ndikhala ndi moyo, ndikazengereza ifika m'mafupa.

Ndinakana. Ndinati ngati ili imfa ikandipeze kwathu. Chifukwa chenicheni sindinanene. Mumtima ndinkati sindili woyenera chithandizo chimene mkazi wanga sanalandire.

Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti ndimve mawu a mayi a Yohane ndisanabwerere. Yohane anatsegula foni. Kachizindikiro kanangozungulira, osatsegula.

"Ababa, kakompyuta kaja munazimitsa?"

"Mphezi, mwana wanga."

Anagwira kumutu, kenaka anaimbira Che Saidi. Iwo anatseka golosale n'kupita kunyumba kwanga. Ndinkawamva pafoni akudandaula: "Achimwene, zingwe zayanga muno ngati maungu! Ndilowetse chiti?" Atalowetsa zonse, anapeza kuti magetsi athima. Tinadikira mpaka masana a tsiku lotsatira. Ine ndinali ndi mantha kuti kakana kuyaka, ndiponso mantha kuti kayaka.

Kanayaka. Yohane anatsegula vidiyo ya chinkhoswe chake, n'kundiikira foni pachifuwa. Ndinaona bwalo langa ndi mtengo wa mango wa pakhomo, ine nditagona m'dziko la eni. Mayi a Yohane ankatsogolera nyimbo. Pakati pa nyimbo anaima, anatembenuka, n'kutsokomolera m'chitenje kwa nthawi yaitali. Ndiye kunamveka mawu a mwamuna kumbuyo kwa wojambula: "Imwani madzi, chisiya chokha chimenecho."

Mawuwo anali anga. Chaka chimenecho mayi a Yohane anandipempha kangapo kuti ndiwaperekeze kuchipatala, ine n'kumati tiyambe tapalira, tiyambe takolola. Pamene tinkapita, adokotala anati mapapo atha kale.

Namwino anatseka katani ya bedi langa. Vidiyo inatha. Kenaka Yohane anati, "Ababa, amayi anadikira. Inunso mukufuna kudikira?"

Lero ndikulemba ndili ku Lirangwe. Paipi anachotsa, mkodzo ukuyenda bwino, ngakhale khasu lalikulu sindilikwanitsanso. Ndimapita kutauni kukayezetsa magazi pa tsiku limene andiuza, ngakhale kumunda kukhale ntchito yotani. Abambo anzanga, mkodzo ukayamba kuvuta musanene kuti ndi ukalamba, ndipo musachite manyazi. Mayi a kunyumba akamatsokomola osasiya, siyani khasu pomwepo. Chimanga chimalimidwanso chaka china.

Funso la Yohane lija sindinaliyankhe tsiku limenelo. M'mawa mwake adokotala akuyendera odwala, ndinakweza dzanja asanafike pabedi langa. Ndinauza Yohane kuti awamasulire kuti ndavomera opaleshoni. Namwino anabweretsa inki yoti ndidinde chala, poona ukalamba wanga. Ndinapempha cholembera, ndipo ndinalemba dzina langa lonse.