Tsiku limene ndinalowa pamaliro ndi nyimbo ya kampeni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera paukwati. Ndinkathandiza kulumikiza masipika kutchalitchi kwathu ku Mitundu, ndipo Loweruka lina Mayi Nabanda, mphunzitsi wopuma ntchito yemwe ankapikisana nawo pa uphungu, anandiona ndikuletsa maikolofoni yomwe inkalira ngati nkhumba. Lolemba lake ndinali kumbuyo kwa pikapu yawo.

Kunena zoona, ndinavomera chifukwa chofuna kuonera. Pachisankho chapitacho anyamata a zipani ziwiri anagendana mpaka kuthyolana miyendo, moti mabanja ena sankapatsanabe moni. Pa wailesi ndinkamva kuti kumaiko ena nkhondo itatha, amayi ndiwo anadzaza nyumba ya malamulo. Ndinkafuna ndione ndi maso angawa kuti mayi amayenda bwanji pakati pa anthu osungirana mkwiyo.

Ntchito yake inali kumanga masipika awiri ndi malegeni, kuthira petulo mu jenereta, kuyatsa mikisa kaye kenako ampulifaya, voliyumu ili pansi. Pozimitsa umayambira ampulifaya. "Ukasokoneza pamenepo, wapsereza katundu wa eni ake," ankatero a Mbewe, dalaivala wathu.

Tsiku lina tikupita kumsonkhano ku Nathenje pamsewu wafumbi, ndinaweramira mikisa ndikusankha nyimbo pa fulashi. Sindinaone masamba omwe anaikidwa pamsewu osonyeza maliro. A Mbewe anachepetsa liwiro n'kumenya denga la galimoto, koma ine ndi phokosolo ndikanamva chiyani? Tinalowa pakati pa anthu olira, nyimbo yotamanda Mayi ili m'mwamba. Omwalirawo anali bambo ake a mnyamata wa chipani china, mmodzi mwa othyoka mwendo aja.

Ndinangozula chingwe ku jenereta, za ampulifaya ndaiwala. Amuna anali ataimirira kale, ena miyala ili m'manja. Ndinachita mantha koopsa. Mwala umodzi wokha ukanadzutsa ndewu yakale ija, ndipo dzina lotchulidwa likanakhala la Mayi.

Mayi anatsika. Anamasula chitenje cha nkhope yawo chomwe anamanga pamwamba pa diresi, kuchiponya m'galimoto, n'kubwereka china kwa mayi wina wapamalirowo. Kenako anakagwada pamaso pa mnyamata uja.

"Pepani bambo, talakwa. Wolakwayu ndabwera naye ndine. Tiloleni tilire nanu."

Mayi anadzuka n'kukalowa m'nyumba ya siwa, ndipo msonkhano wa ku Nathenje unafera pomwepo. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi tayala, manyazi atandigwira, osadziwa koloza maso.

Mwambo uli pafupi kuyamba, mnyamata uja anabwera akutsimphina.

"Achimwene, chinthu chanucho chikugwirabe? Abusa athu mawu ngochepa."

Mwamwayi ampulifaya sinapse. Ndinaliza jenereta, kuyatsa mwandondomeko, ndipo mbiri ya bambo ake inamveka mpaka kumbuyo kwa khamu lonse. Mpaka lero ndikugwirabe ntchito ya masipika, koma dzanja langa silikweza voliyumu maso asanayang'ane pamsewu.