Tsabola wa Tulasa

Tulasa Ale anakwatiwa m'tauni ya Waling ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwamuna wake, Khem, atapita kukagwira ntchito ku Qatar, anamusiyira ana awiri ndi katebulo kogulitsirapo chauchau, chakudya cha m'mapaketi chonga supageti wouma wopiringizika, pageti la sukulu. Chauchauyo sankamuphika. Ankamuphwanya ali m'paketi momwemo, n'kumukhuthulira m'kabeseni, n'kusakaniza ndi anyezi, tsabola, mandimu, mpunga wokazinga ndi mafuta a mpiru. Ana asukulu ankadya atatsinzina, mamina ali chuchuchu.

Zaka zimenezo makampani ankabisa timakadi tamphoto m'mapaketi. Tsiku lina Tulasa akukhuthula paketi, kakadi kanagwera m'anyezi. Kuwerenga sankadziwa, koma chithunzi cha njinga yamoto anachizindikira. Anathamanga nako kwa a Dambar, akulu ake a Khem, amene anali ndi tiyirumu yaikulu pasiteji ya mabasi.

"Mlamu, iwe ungafike wekha ku Kathmandu?" anatero a Dambar. "Akakupusitsa kumeneko. Bweretsa kuno, ndikakutengera ine."

Patatha sabata anabwerako atakwera njinga yofiira, nkhata yamaluwa ili m'khosi.

"Kakadi kako kaja kanali kotha ntchito," anamuuza osamuyang'ana. "Iyi ndawina ndi kanga, kamene ndinakapeza m'katoni ya kutiyirumu."

Tulasa anaimbira foni Khem. "Ndi akulu anga aja, usandichititse manyazi," anayankha mwamunayo. Apongozi ake aakazi anangoti, "Njinga ili m'banja mommuno, ukudandaula chiyani?"

Tulasa sanalire. M'mawa mwake anasenza katebulo kake n'kukakaika pansi pa mtengo, maso ndi maso ndi tiyirumu ya alamu ake.

Madalaivala a mabasi a pakati pa Pokhara ndi Butwal ankadya kwa a Dambar chauchau wamsuzi wothira dzira. Ankadikira nthawi yaitali, okwera akung'ung'udza. Tulasa anayamba kuwaperekera wake pazenera basi isanaime n'komwe. Kuseri kwa nyumba anadzala tsabola wozungulira uja woyaka ngati moto, ndipo analoweza pamtima amene amakonda mandimu ambiri ndi amene anyezi amamudwalitsa. Poitana ogula ankakweza mawu kuti adutse msewu.

"Gulani kuno, achimwene. Kuno m'paketi mukapezeka kanthu, kamakhala ka mwini wake."

Madalaivala anafunsa tanthauzo lake, iye n'kuwafotokozera zonse, akudula anyezi. Nkhani inakwera mabasi n'kufika kutali. Posakhalitsa a Dambar akamadutsa panjinga, anthu ankafunsana mokweza, "Kodi ya mlamu ija ikuyendabe?"

A Dambar anakamunenera ku khonsolo kuti akugulitsa pamalo osaloledwa. Kunabwera anthu awiri ndi mapepala. Tulasa anawasakanizira mbale ziwiri, nawonso n'kuwauza nkhani ya kakadi. Anachoka akupukuta misozi ya tsabola, atamulangiza ofesi yokatengako chilolezo.

Pofika chaka chachinayi mabasi anali akuima mbali ya Tulasa. Katebulo kanasanduka chisakasa, chisakasa n'kusanduka nyumba yamalata. Tiyirumu ya kutsidya inatsala ndi ntchentche. Itatsekedwa, Tulasa anagula mabenchi ake n'kuwayala panja kuti aliyense awazindikire. Pachikondwerero cha Dashain, pamene aang'ono amakagwada kuti akulu awapake mpunga wofiira pamphumi, iye sanapondenso pakhomo pa alamu ake zaka khumi ndi chimodzi. Khem atabwerera kwawo anayesa kumunyengerera.

"Mkazi wanga, chitsulo chabe chimenechi?"

"Chitsulo ayi," anayankha. "Ananditenga ngati mbuzi chifukwa sindidziwa kuwerenga, inu n'kuvomera."

Kenako a Dambar anadwala shuga, mwendo n'kutupa. Masana ena anadutsa msewu akutsimphina ndi ndodo, n'kuima pakhomo pa Tulasa anthu atadzaza.

"Mlamu," ananong'ona, "kakadi kaja kanali kako. Ndinalakwa."

"Sindikumva bwino, alamu. Mabasi akuchita phokoso. Kwezani mawu."

Mkulu uja anayang'ana madalaivala, n'kubwereza mokweza.

"Ndamva," anatero Tulasa, n'kutembenukira kwa wogula wina. "Inu munati tsabola wochuluka eti?"

Sanawapatse pokhala. Anabwerera okha kutsidya pang'onopang'ono, Khem ndiye anatuluka kukawagwira mkono.

A Dambar anamwalira chilimwe chotsatira. Mwambo umati abale asalawe mchere masiku khumi ndi atatu, ndipo banja lonse linkadya mpunga wozizira m'kamwa. Tulasa anatseka malonda tsiku limodzi lokha. Tsiku lachiwiri anatsegula, anakhala pabenchi pakhomo, n'kung'amba paketi ya chauchau. Anathiramo timchere tonse ta m'kathumba kopezeka m'paketimo, anagwedeza, n'kuyamba kukukuta anthu obwera kumaliro akudutsa. Azimayi ena anagwira pakamwa. Mkazi wa malemu anamuona ali kutsidya, n'kutseka zenera.

Mpaka lero mabanja awiriwo sapatsana moni. Tulasa ali ndi zaka makumi asanu, maondo akumuvuta, ndipo mwana wake wamkazi akumuchonderera kuti apume asamukire ku Pokhara. Iye akuti akaganiza bwino mvula ikatha.