Fayilo Imene Tinkalimbirana ku Ndola

Munthu amene ndinadana naye kwambiri pa ntchito ankakhala pa desiki yoyandikana ndi yanga. Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya matayala m'tauni ya Ndola, ndipo tinalimo anthu asanu ndi mmodzi kuphatikizapo mwini kampani. Ine ndinkakwera minibasi kuchokera ku Lubuto, komboni ya mu Ndola momwemo. Iye ankabwera pa galimoto yake kuchokera ku Kitwe m'mawa uliwonse, ndipo ankafika atakwiya kale ndi malole a pamsewu.

Tinkapanga apu ya pafoni yotumizira katundu pa maminibasi. Munthu akapereka phukusi, kondakitala ankalijambula, apu n'kutumiza chithunzicho kwa wolandira kuti adziwe chimene chikubwera. Mkulu wa ku Kitwe uja ndi amene analemba mbali yaikulu ya apuyo. Ine ntchito yanga inali yoiyesa, kufufuza zolakwika pa zimene iye wapanga.

Sitinkayesera pa mafoni athu okha. Pali makampani akunja amene amasunga mafoni enieni ambirimbiri, olumikizidwa ku makompyuta, ndipo munthu umawabwereka kudzera pa intaneti. Ife tinkangoti ku kilaudi. Umatumiza apu yako limodzi ndi mayeso amene walemba, makina n'kumadina okha pa mafoni ajawo ngati pali munthu. Zikayenda bwino umaona chizindikiro chobiriwira, zikakanika chofiira, ndipo amakupatsanso kavidiyo ka zimene zinachitika. Ukhoza kusiya zonse mmene eni ake anazikonzera, kapena kulemba wekha fayilo ya malangizo yonena mafoni oti agwiritsidwe ntchito, zoyenera kuikidwa mayeso asanayambe, mphamvu ya netiweki, ndi zoti zisungidwe pomaliza. Fayiloyo ndi yaifupi koma siifuna masewera. Ukangoika mpata umodzi wowonjezera kumayambiriro kwa mzere, zonse zimaima.

Nditayamba ntchito ndinapeza kuti kwa miyezi yambiri mayeso onse ankatuluka obiriwira. Nditatsegula fayilo ndinaona chifukwa chake. Mkulu uja anasankha mafoni atatu atsopano, odula, ndi netiweki yothamanga ngati ya m'hotela. Ine m'mawa uliwonse ndinkaona mafoni a makondakitala a ku Lubuto ndi ku Kabushi: akale, osweka galasi, odzaza ndi nyimbo ndi mavidiyo a maukwati, netiweki ikubwera ndi kuchoka. Ndinatha masabata awiri ndikulemba fayiloyo mwatsopano. Ndinasankha mafoni akale kwambiri amene ndinawapeza pa mndandanda, ndinachepetsa netiweki, ndinalamulanso kuti foni izidzazidwa ndi zithunzi zachabechabe mayeso asanayambe. Nditayendetsa, theka la mayeso linafiira. Pa kavidiyo apu inkajambula phukusi, n'kuzizira, kenako n'kudzitseka yokha.

Ndinasangalala, ndipo ndinkaganiza kuti mkulu uja nayenso athokoza. Anaimirira kumbuyo kwanga manja ali m'thumba.

"Iwe, wachita chiyani ku fayilo yanga?"

Ena onse muofesimo ankawatchula mwaulemu kuti imwe. Ine ndekha ndinali iwe.

"Ndaikonza kuti ifanane ndi mafoni a anthu athu," ndinatero. "Onani kavidiyoka."

Sanakaone. Anatembenukira kwa anzathu n'kunena m'Chibemba kuti anthu a kum'mawa kwa Zambia, kwawo kwa makolo anga, akapatsidwa njinga amayamba kuphunzitsa woyendetsa ndege. Awiri anaseka. Ndinabadwira ku Ndola, Chibemba ndimachilankhula ngati iye, Chinyanja ndi cha kunyumba ndi kutchalitchi. Ndinamuyankha m'Chibemba chomwecho kuti ndege imene imagwa tsiku lililonse ndi bwino kuisiya n'kukwera njinga. Panalibe amene anasekanso, ndipo udani unayambira pamenepo.

Tsiku lotsatira ndinapeza fayilo yabwerera mwakale, zonse zili zobiriwira. Ndinabwezeretsa yanga. Iye anaichotsanso. Tinachita zimenezi pafupifupi mwezi wathunthu, osalankhulana, zigongono zathu zitatsala pang'ono kugundana. Ndinapita kawiri kwa mwini kampani, bambo wofatsa amene ankaopa mikangano kuposa china chilichonse. Ulendo woyamba anati, "Ba sisita, kambiranani, ndinu akuluakulu." Ulendo wachiwiri anandiuza kuti mkuluyo anayamba naye kampani pamene panalibe ngakhale mpando, ndiye ndimumvetse.

Kenako tsiku lina mayeso anga anakana ngakhale kuyamba. Sanafiire, anangoima. Ndinawerenga fayiloyo mzere ndi mzere kuyambira masana mpaka nthawi yoweruka, chakudya osadya, ndikudziona ngati mbuli. Mawa lake ndinakapeza: kampata kamodzi kowonjezera pa mzere wa netiweki. Kompyuta imasunga mbiri ya amene wasintha chinthu, ndipo inaonetsa kuti anali iye, cha m'ma 13 awazi, 1 koloko masana, ine nditatuluka kukagula madzi. Ndinamuonetsa.

"Mwina dzanja linaterereka," anatero, maso ali pa kompyuta yake. "Koma munthu wodziwa ntchito akanakapeza m'mphindi zisanu."

Ndinakwiya mpaka ndinakadzitsekera m'chimbudzi kuti asandione ndikulira.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindizinyadira, koma ndinazichita dala. Mwini kampani anaitana atsogoleri atatu a oyendetsa maminibasi a ku Chifubu kuti adzaone apu yathu. Akanaikonda, makondakitala awo onse akanayamba kuigwiritsa ntchito. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti pa mafoni awo siigwira. Mavidiyo ndinali nawo. Ndikanatha kulowa muofesi ya abwana kachitatu, n'kuwakakamiza kuti aone, msonkhanowo n'kuusuntha. Ndinakhala chete.

Tsikulo mkulu wa ku Kitwe anavala jekete. Anajambula kabokosi ndi foni ya muofesi, chithunzi chinafika nthawi yomweyo, alendo anagwedeza mitu. Pamenepo ndinalankhula ndi mawu aulemu kwambiri amene ndinali nawo.

"Bwanji atate awa ayese pa foni yawo? Paja ndi imene azidzagwiritsa ntchito."

Wamkulu wa alendowo, bambo wa imvi wonenepa, anatulutsa kafoni komangidwa ndi selotepi. Mkulu uja anawaikira apu, iwo anajambula kabokosi kaja, apu inazizira n'kudzitseka. Anayesanso, chimodzimodzi. Wachiwiri anayesa pa yake, zomwezo. Mkulu uja anayamba kufotokoza za netiweki, thukuta likutsika m'khosi, koma bambo wa imvi anamudula.

"Mwana wanga, ife pa siteshoni tilibe nthawi yodikira foni kuti iganize. Basi ikadzaza imanyamuka."

Anamwa zakumwa zawo n'kumapita. Ndinamva kukoma mumtima, sindingabise.

Alendo atangotsika masitepe, mkulu uja anandiloza chala kumaso. Anati ndine njoka, ndinabwera kudzagwetsa kampani. Ine ndinatsegula laputopu n'kuonetsa abwana mavidiyo onse, ndi mbiri ya fayilo, tsiku ndi tsiku, mpaka kampata kaja. Abwana anaonera zonse. Atamaliza sanayambe ndi iye, anayamba ndi ine.

"Munadziwa kuti zichitika lero?"

"Ndinakuuzani kawiri."

"Sindikufunsa zimenezo. Munadziwa?"

Ndinavomera. Anati sanaonepo anthu awiri ophunzira akuotcha nyumba imene akugonamo okha. Kenako anagamula kuti fayilo ya malangizo ikhala m'manja mwanga ndekha, mkuluyo amuchotsera chilolezo choisintha, ndipo apu siidzatulukanso mpaka mayeso anga atabiriwira.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mkulu uja anaikonza apuyo m'masiku awiri okha. Anachititsa kuti chithunzi chizichepetsedwa chisanatumizidwe, ndiponso kuti netiweki ikachoka apu izidikira n'kuyesanso. Inali ntchito yaukhondo moti sindinapezemo chotsutsa, ngakhale ndinafufuza ndi mtima wofuna kupeza. Akanatha kuchita zimenezi mwezi wonse uja. A ku Chifubu aja sanabwerenso chaka chimenecho, ndipo abwana sanandionenso ndi maso akale.

Tinakhala chaka china pa madesiki omwewo. Akafuna kundiuza kanthu ankalemba uthenga, ine n'kuyankha polemba, tili pafupi choncho. Ndikapeza cholakwika ndinkachilemba pomwe aliyense angachione, ndi mawu ouma. Iye akachikonza ankalemba pansi pake kuti "chaching'ono". Ndinaonjezera mafoni ena akale mu fayilo, ena chifukwa anali ofunikadi, ena kuti ndingomuvutitsa.

Nditapeza ntchito ina, anzanga anagula keke tsiku langa lomaliza. Iye anati galimoto yake ikufunika makaniko, anatuluka, ndipo sanabwerenso mpaka nditapita.

Patatha miyezi itatu, mayi amene analowa m'malo mwanga anandiimbira foni ndili pa mzere wodikira minibasi. Anati mkuluyo wapempha abwana kuti amubwezere chilolezo, akuti mayeso akuchedwetsa ntchito, ndipo abwana akuoneka kuti avomera. Anafunsa kuti achite chiyani. Ndinamuuza kuti asunge kope ya fayiloyo pamalo pamene mkuluyo sangafike, komanso kuti azitseka kompyuta yake nthawi iliyonse akamadzuka pampando, ngakhale akungopita pakhomo.

"Kodi ndi woipa chonchi?" anafunsa.

"Ntchito amaidziwa," ndinatero. "Koma tsekani kompyuta."