Nthenga Yofiira Ithawe Uta

Tsiku limene Saphonya anaponya uta wake pansi, mkazi wake anali akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Anamva mtengo ukugwa pa simenti, kenako anamva mwamuna wake akusisima, munthu amene ngakhale kuchipatala sanagwetse msozi.

Inu amene mukuwerenga muli olefuka, tamvani za bambo ameneyu.

Dzina loti Saphonya anamupatsa ndi ophunzira ake. Ankaphunzitsa pa bwalo lina la masewera oponya mivi ndi mauta amtengo, achikale aja. Mivi ankapanga yekha. Kumchira kwa muvi uliwonse ankamata nthenga zitatu, ziwiri zoyera ndi imodzi yofiira. Yofiirayo ndi chizindikiro: muvi ukakhala pa nsinga, nthengayi iyenera kuyang'ana kunja, kutali ndi uta, kuti isakhule mtengo muvi ukamatuluka. Kwa munthu wokoka nsinga ndi dzanja lamanja, kunjako ndi kumanzere. Ndiye iye anafupikitsa phunziro lonse kukhala mawu awiri amene ankawaimba m'mawa ndi madzulo omwe: "Yofiira kumanzere." Ophunzira ankamuseka kuti amabwebweta mawuwa ngakhale kutulo, ndipo mkazi wake sankatsutsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina akucheka mitengo ya mivi, makina anamudula zala ziwiri za dzanja lamanja, zokokera nsinga zenizenizo.

Bala litapola, mwini bwalo anamuitana. Sanali munthu wankhanza, koma sanapite m'mbali: mphunzitsi ayenera kuponya ophunzira akuona. Anamupatsa mpata mpaka mvula itatha. Pamenepo abwere adzaponye pamaso pake, ndipo akalephera, malowo apatsa wina. Saphonya anabwerera kunyumba mutu uli pansi, chifukwa ntchito ina iliyonse sankaidziwa.

Anaganiza zosintha manja. Uta anaumangirira ku dzanja lolumalalo ndi kalamba kachikopa, nsinga n'kumakoka ndi lamanzere. Motero muvi unayamba kudutsa mbali ina ya uta, yakumanja. Anaimika chandamale cha udzu kuseri kwa nyumba n'kuyamba ngati wophunzira watsopano.

Zinali zomvetsa chisoni. Mivi inkatuluka ikupukusa mchira ngati nsomba, wina kukhoma, wina m'maluwa a oyandikana nawo nyumba. Mlamu wake atabwera kudzamuzonda anati malo otetezeka pakhomo ponsepo ndi patsogolo pa chandamale, ndipo anadzipereka kukakhala pomwepo. Saphonya anaseka nawo, koma mawuwo anamulasa mumtima. Mvula inali ikuchepa, ndipo iye anali atagamula kale mlandu: dzanja lamanzere ndi chitsiru, silingaphunzire kanthu. Ndilo tsiku limene anataya uta lija.

Mkazi wake sanathamange kukamutonthoza. Anamaliza kuyanika, natenga tsache, nayamba kusesa pamene mwamuna wake ankaimirira poponya.

"Bambo a kuno, lirani mumalize, koma mundiuze chinthu chimodzi," anatero. "Tsiku ndi tsiku ndikusesa tizidutswa ta nthenga pano. Bwanji tonse n'tofiira? Zoyerazo sizithothoka?"

Saphonya anafuna kumukalipira kuti munthu akulira ntchito, iye akudandaula za zinyalala. Koma maso ake anagwa pa kamulu kamene kanali patsogolo pa tsache. Kanali kofiira kokhakokha.

Anatola mivi yake n'kuiyang'ana umodziumodzi. Nthenga zoyera zinali bwinobwino. Zofiira zonse zinali zonyenyeka ngati zadyedwa ndi makoswe. Anatola uta, ndipo pambali yakumanja, podutsa muvi, anapezapo kamzere kofiira.

Pamenepo anazindikira. Manja anali atasintha, mbali ya uta anali atasintha, koma nyimbo yake ija sanaisinthe. Yofiira kumanzere. Tsopano kumanzere kunali kumene kuli uta, ndipo muvi uliwonse unkatuluka ukumenya nthenga yake pa mtengo. Chinthu chimene akanachiona msanga pa wophunzira aliyense, pa iye mwini sanachione, chifukwa maso ake onse anali pa zala zimene zinapita.

"Mayi, ndakhala ndikutukwana dzanja losalakwa," anatero motsitsa mawu.

Anaika muvi pa nsinga, naupotoza kuti yofiira iyang'ane kumanja, nakoka. Ndisakunamizeni kuti unalasa pakati. Unaphonya chandamale chonsecho. Koma unauluka mowongoka, mwakachetechete, osapukusa mchira, ndipo woponya aliyense amadziwa kuti muvi wophonya mowongoka uli ndi mankhwala ake. Umangosuntha dzanja pang'ono n'kuponyanso.

Ntchito yeniyeni inayambira pamenepo. Zala zamanzere zinatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. Phewa linkawawa moti malaya ankachita kuvekedwa. Diso limene linazolowera kuloza linkamunamiza, mpaka anaphunzira kulitsinzina n'kudalira linzake. Masiku ena nyimbo yakale inkabwerera yokha, ndipo mkazi wake akaona kofiira pa simenti ankangokhosomola, iye n'kudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mivi inachoka kukhoma n'kufika m'mphepete mwa chandamale, kenako inayamba kusendera mkati.

Mvula itatha, anakaima pamaso pa mwini bwalo, ophunzira atazungulira. Mantha ankaoneka pankhope. Anaponya mivi yonse imene inali m'phodo. Palibe umene unalasa pakati penipeni monga ankachitira kale, koma yonse inalowa, itaunjikana malo amodzi oti n'kuphimba ndi chipewa.

Mwini bwalo anayang'ana miviyo, nayang'ana dzanja lomangidwa kalamba lija. Anati pabwalopo pamabwera anthu amanzere, ndipo ambiri amasiya chifukwa chokakamizidwa kuponya ndi dzanja limene si lawo. Anafunsa ngati Saphonya angawatenge amenewo, kuwonjezera pa ophunzira ake akale.

Anawatenga. Lero amamata nthenga ndi zala zitatu za dzanja lija, ndipo mivi yake amailimbirana. Dzina lake silinasinthe, ngakhale iye mwini amanena poyera kuti amaphonya. Chimene chinasintha ndi nyimbo ija. Wophunzira watsopano akafunsa kuti nthenga yofiira iyang'ane kumanja kapena kumanzere, iye amayankha kuti, "Zimenezo zimatengera mmene waimira, mwanawe. Iwe ungokumbukira kuti yofiira ithawe uta."

Mwina nanunso moyo wakusinthani manja. Ntchito inatha, thupi linafooka, kapena munthu amene munkadalira anachoka, ndipo chilichonse chimene mukuyesa chikugwera kumbali. Musanagamule kuti ndinu wolephera, weramani muone zimene zikugwa pamapazi panu. Kapena vuto si dzanja lanu, koma lamulo lakale limene linakuthandizani muli mbali ina, ndipo mukuliimbabe. Mverani ngakhale amene akukufunsani atagwira tsache.

Tolani uta wanu, tembenuzani nthengayo, muponyenso. Osataya mtima, dzanja limene latsala nalonso limaphunzira.